Kupanga Gemu m'Maola 48

Kwathu kwa Zulu, m'boma la Mchinji, mwana sadikira kuti wina amugulire choseweretsa. Akafuna mpira amatola majumbo, kuwakulunga ndi kuwamanga ndi mphira, chikulunga chatheka. Akafuna galimoto amasaka mawaya ndi zitsekerero za mabotolo. Atsikana akafuna phada amangokumba kadzenje n'kutola timiyala. Ana omwewa amapanganso malamulo: goli ithere pati, wogwetsa mwala apereke mpata kwa yani, wamng'ono kwambiri amukhululukire kangati. Zonsezi zimatheka madzulo amodzi dzuwa lisanalowe. Palibe amene amawatcha akatswiri, komatu ntchito imene amagwirayo ndi yomwe anthu ena kunjaku amalandira nayo malipiro, ntchito yopanga masewera.

Nkhani yanga ndi ya mipikisano yaifupi yopanga masewera a pakompyuta ndi pafoni, omwe tinazolowera kungowatcha magemu. Pachingerezi mpikisano wotere amati game jam, dzina lomwe anabwereka kwa oimba amene amangokumana n'kuyamba kuimba limodzi osakonzekera. Kachitidwe kake n'kosavuta kufotokoza. Okonza mpikisano amasankha mutu n'kuubisa mpaka nthawi yoyambira. Akaulengeza, aliyense, payekha kapena pagulu, amakhala ndi nthawi yochepa, kawirikawiri maola 48 kapena 72, yoti apange gemu yatsopano yogwirizana ndi mutuwo. Nthawi ikatha, chimene chili m'manja ndicho amapereka.

Mwambowu siwakale kwenikweni. Ludum Dare, umodzi mwa mipikisano yoyambirira ya pa intaneti, unayamba mu 2002. Mu 2006 anthu a ku Denmark anayambitsa Nordic Game Jam mumzinda wa Copenhagen, ndipo potengera chitsanzo chimenecho mu 2009 kunabadwa Global Game Jam, imene imachitika chakumapeto kwa Januwale m'maiko ambiri nthawi imodzi. Ulendo woyambawo panali anthu oposa 1,600 m'maiko 23, ndipo anapanga magemu 370. Kuwonjezera pa ikuluikuluyi, pa itch.io, pomwe anatsegula mu 2013, pamakhala timipikisano tambiri mwezi uliwonse, toti munthu amalowa ulere ali khale kwawo. Kwa ife izi n'zofunika. Malo okumanirako achinyamata okonda zamakompyuta, monga mHub ku Lilongwe kapena BongoHive ku Lusaka, ali patali nafe. Ngakhale Lilongwe yemweyo ndi ulendo wa makilomita oposa 100. Koma mpikisano wa pa intaneti sufunsa kuti wakwera minibasi iti.

Ine ndalowako timipikisano totere kangapo ndili konkuno, ndi laputopu yakale ndi anzanga awiri. Zikho ndilibe, koma magemu omaliza ndili nawo, ndipo ndi amenewo andipatsa mphamvu zolankhula kwa achinyamata amene amandifunsa poyambira. Langizo langa lenileni ndi limodzi, enawa ndi nthambi zake chabe: pangani kanthu kakang'ono, kochokera pa zimene mukuzidziwa, ndipo mukamalize.

Poyamba chepetsani maloto. Ambirife tinayamba kuona magemu m'tizipinda ta PlayStation pa misika ngati wa Kamwendo ndi pa boma, momwe anyamata amalipira kuti amenye mpira kapena nkhondo pa kanema. Magemu amenewo amapangidwa ndi anthu mazanamazana kwa zaka zingapo, ndi ndalama zoti titazitchula mutu ungazungulire. Wongoyamba kumene akamva mutu wa mpikisano, m'maganizo mwake mumabwera zomwezo: mizinda, magalimoto, adani khumi, nkhani yaitali ngati ya m'buku. Lamulungu likamakwana amapezeka ali ndi chithunzi chokongola cha pachikuto koma chosewera palibe. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Taganizirani za phada. Mumaponya mwala m'mwamba, n'kukokolola timiyala m'dzenje, n'kuwakha mwala uja usanagwe. Basi. Koma atsikana amatha kusewera mpaka amayi awo kuwakalipira kuti madzi sanatunge. Kukoma kwake kuli pa chinthu chimodzi chochitidwa mobwerezabwereza, chimene chimanka chivutiravutira. N'chimodzimodzi gemu ya njoka ija ya m'mafoni a Nokia, yomwe inayamba kutuluka mu 1997: njoka imadya, imatalika, ndipo kutalika kwake komweko ndiko kumaiphetsa. Choncho musanakhudze kompyuta dzifunseni kuti wosewera azichita chiyani, ndipo yankho likhale mneni mmodzi: kudumpha, kuwakha, kuzemba, kukumba. Ngati simungathe kufotokozera mwana wa Sitandade 4 gemu yanu musanapume mpweya kachiwiri, ndiye kuti yakula. Ngakhale masewera a bawo, ndi mizere yake inayi ya maenje 32, ndikanakonda muyambe mwawasiya. Malamulo ake ndi ambiri, ndipo kuphunzitsa kompyuta kuti izidya ndi kutakata ngati mdala wa pamsika si ntchito ya masiku awiri.

Kenako pali nkhani ya mutu wa mpikisano. Mu 2020 mutu wa Global Game Jam unali kukonza chinthu chowonongeka, mu 2023 unali mizu, ndipo mu 2024 unali wakuti wosewera aseke. Ganizo limene limabwera msanga mukangomva mutu labweranso m'mitu ya anthu ena zikwizikwi. Lilembeni ndithu, koma mulembenso ena asanu, kenako musankhe limene mungalimalize. Apa ndi pamene ife akuno tili ndi mwayi. Mnyamata wa ku Berlin akamva za kukonza mwina angaganize za chombo cha m'mlengalenga. Inu mukumudziwa wokonza njinga wa pansi pa mtengo wa mango, amene amamata chubu makasitomala atatu akudikira, mvula ikubwera. Akamva za mizu mwina angajambule mtengo. Inu mukudziwa kuti ukazula mtedza mwamphamvu nthaka itauma, wambiri umatsalira pansi, ndipo ukachedwa nawo mbewa zimakuthandiza kukolola. Imeneyo ndi gemu kale. Wosewera azikoka modekha, koma nthawi ikumuthera. Oweruza ndi osewera anzanu aona kale zombo zambirimbiri, koma munda wa mtedza wa ku Mchinji sanauonepo.

Wina asakunamizeni kuti kagemu ka masiku awiri ndi kachabechabe. Mu Januwale 2013, pamene mutu wa Global Game Jam unali kugunda kwa mtima, anyamata anayi a ku Bossa Studios ku London anapanga kagemu koseketsa ka dokotala wa manja onjenjemera. Kameneko ndiko kanakula n'kukhala Surgeon Simulator. Mu 2017 Arvi Teikari wa ku Finland anapambana pa Nordic Game Jam ndi Baba Is You, gemu imene malamulo ake amalembedwa pabwalo losewerera ndipo wosewera amawakankha n'kuwasintha. Inatuluka pamsika mu 2019. Pafupi nafe, ku Cape Town, a Free Lives anayamba Broforce ngati kagemu ka pa Ludum Dare mu 2012, n'kudzaitulutsa yathunthu mu 2015. Onsewa anayamba ndi ganizo limodzi losavuta kulifotokoza, ndipo anali ndi choti anthu asewere nthawi itakwana. Zokulazo zinabwera pambuyo, anthu atalawa.

Potenga za kwathu pali malire. Dera lathu ndi la Achewa ndi Angoni, ndipo zina mwa zimene timaziona zili ndi eni ake. Gule Wamkulu, yemwe bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse, sichinthu choti mnyamata angomuika m'gemu kuti azithamangitsa anthu pa sikirini. Za kudambwe n'za kudambwe. Chimodzimodzi maliro, zinamwali ndi maina a mafumu. Ngati mtima wanu wakakamira pa zoterezi, funsani akuluakulu kaye, ndipo akakana musiye. Nkhani zosasowa chilolezo n'zambiri: kabaza, chigayo, dimba, mbuzi zolowa m'munda wa eni, ulendo wa pa njinga wopita ku Mwami.

Zida muzikonzeretu mpikisano usanayambe. Mapulogalamu aulere opangira magemu alipo angapo. Godot, yomwe anaiyamba anthu a ku Argentina ndipo yakhala yaulere kwa aliyense kuyambira 2014, ndi yopepuka poikopera, imagwira ntchito popanda intaneti ndipo sivuta pa kompyuta yakale. GDevelop imalola munthu kupanga gemu pongolumikiza ziganizo zakuti chakuti chikachitika, chakuti chichitike. Scratch, ya ku MIT ku America, inapangidwira ana ndipo malangizo ake amalumikizidwa ngati njerwa. Twine ndi ya nkhani zolemba zimene wowerenga amasankha kolowera, yoyenera ife okonda zolembalemba. Amene ali ndi foni yokha ya Android akhoza kuyesa Pocket Code, ya ku Graz ku Austria. Ngakhale wopanda chilichonse mwa izi asadzione wotsalira, chifukwa Global Game Jam imalandiranso masewera a pabolodi ndi a makhadi.

Sankhani pulogalamu imodzi, poti mapanga awiri avumbwitsa. Ikopereni kudakali sabata ziwiri, usiku pamene bandulo imatsika mtengo. Kenako yesezani zinthu zitatu: kuyendetsa kabokosi pa sikirini, kukagunditsa ndi kena kuti chinachake chichitike, ndi kutulutsa gemuyo kuti itseguke pa foni kapena kompyuta ya munthu wina. Chachitatuchi ndicho chimagwetsa anthu ambiri, chifukwa amayamba kuchiphunzira kutatsala ola limodzi. Werenganinso malamulo a mpikisano umene mwalowa. Ku Ludum Dare, mwachitsanzo, mbali ya maola 48 ndi ya munthu mmodzi wopanga zonse yekha, pamene ya maola 72 imalola magulu. Mipikisano ina imaletsa zithunzi ndi nyimbo zopangidwa ndi AI, ina imalola bola munene. Safunsa anadya phula.

Malangizo ambiri olembedwa kunja satchula magetsi, chifukwa kwa iwo si nkhani. Kwa ife ndi nkhani yaikulu. Kumapeto kwa Januwale kuno mvula imakhala ili pakati, mitambo imaphimba dzuwa masiku awiri otsatizana, sola sidzaza batire, ndipo mphenzi ikagunda magetsi amatha kuthima usiku wonse. Ndi nthawi yomweyonso imene kumunda kumafuna anthu obandira. Choncho pa maola 48 aja werengerani kuti mwina mugwira ntchito pa kompyuta maola 20 okha, ndipo kukula kwa gemu yanu kulingane ndi amenewo. Tchajiranitu chilichonse chotchajika. Dziwiranitu nyumba kapena sitolo imene mungathawireko. Zimene sizifuna magetsi, monga kujambula, kulemba mawu ndi kukonza malamulo, muzisungire nthawi ya mdima. Kope ndi pensulo sizithima. Ntchito yanu muziisunga pafupipafupi, ndipo maola atatu alionse muziikopera pa fulashi n'kuitumizanso ku foni ya mnzanu. Kompyuta yakale ilibe chisoni.

Samalaninso ndi nthawi. Mipikisano ya pa intaneti imalengeza ola lotsekera potengera mawotchi a eni ake. Ikamakwana 6 koloko madzulo ku London mu Januwale, kuno imakhala 8 koloko usiku, koma mu Julayi imakhala 7 koloko, chifukwa iwo amasuntha mawotchi awo nyengo yotentha pamene ife sitisuntha. Werengerani bwino, mulembe ola la kuno papepala ndi kulimata pakhoma pamene aliyense akuliona.

Za gulu, mutu umodzi susenza denga, koma anthu khumi sangakwanenso pa laputopu imodzi. Atatu kapena anayi akwana. Musaganize kuti aliyense ayenera kudziwa zamakompyuta. Mnyamata amene amalemba zikwangwani za magolosale ndi wojambula wanu. Mtsikana amene amatsogolera kwaya kutchalitchi akhoza kukupekerani kanyimbo ka masekondi khumi. Wodziwa nthano akhoza kulemba mawu oyamba ndi omaliza. Ndaona kuti anyamata amakonda kuitanana okhaokha, n'kumadabwa kuti magemu awo onse ndi omenyana. Itanani alongo anu, amene phada ndi fulaye amazidziwa kuposa inu. Musanayambe gwirizanani kuti ndani adzakhale ndi mawu omaliza pakabuka mkangano. Ntchito yaikulu ya munthu ameneyo ndi kudula. Loweruka usiku wina adzabwera ndi ganizo lokoma kwambiri, ndipo payenera kukhala wolimba mtima womuuza kuti, “Achimwene, limenelo tisungire mpikisano wina.”

Ife timagawa nthawi motere. Lachisanu madzulo, mutu ukangodziwika, timakhala pansi maola awiri ndi mapepala, kompyuta ili chitsekere. Ganizo likapezeka timaliyesa ndi zitsekerero za mabotolo patebulo kuti tione ngati likukoma. Tisanagone timatulutsa gemu yopanda kanthu, ya kabokosi kamodzi, kungofuna kutsimikiza kuti njira yotumizira ili bwino. Pofika Loweruka masana timafuna gemu yonyansa koma yoseweredwa, yokhala ndi poyambira, popambanira ndi pogonjera. Zithunzi zokongola zimabwera pambuyo, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Loweruka madzulo timapatsa anthu kuti ayese. Lamulungu m'mawa timaika mawu ndi nyimbo, n'kukonza zimene zikuvuta, ndipo sitiwonjezeranso chatsopano. Timatumiza kudakali maola atatu, chifukwa netiweki imadziwa kuthawa pa nthawi imene ukuifunitsitsa, komanso ola lomaliza anthu a dziko lonse amakhala akutumiza nthawi imodzi.

Gonani. Pali kunyada kwina pakati pa achinyamata koti wachezera usiku wonse ndiye wagwira ntchito. Munthu wosagona amataya maola awiri kufunafuna cholakwika chimene akanachiona m'mphindi zisanu atapuma. Maola asanu ndi limodzi usiku uliwonse sakuchepetserani kanthu. Idyani nsima pa nthawi yake, osangodalira tiyi ndi mandasi. A kunyumba muwauziretu zimene mukuchita, ndipo ntchito zanu za pakhomo mugwiriretu Lachinayi, kuti pasadzakhale wokuitanani kukamanga mbuzi gemu ili pakati.

Kuyesetsa gemu kwa munthu wina ndi kumene kumaphunzitsa kwambiri, ndipo lamulo lake ndi limodzi: mupatseni, inu mutseke pakamwa. Pa mpikisano wina tinapanga kagemu ka wakabaza wonyamula thileyi ya mazira pa msewu wa maenje. Loweruka madzulo ndinapatsa foni mwana wa mlongo wanga, wa zaka 9, ine n'kukhala phee pambali. Anagwetsa mazira kanayi, akuseka. Kachisanu anadutsa maenje onse, koma mbuzi itadutsa kutsogolo anayamba kudinadina pakona ya sikirini pomwe panalibe batani lililonse. Kenako anatembenuka.

“Amalume, njinga yanuyi ilibe belu?”

“Belu la chiyani, mphwanga?”

“Nanga mbuzi ichoka bwanji?”

M'mawa mwake tinajambula kulira kwa belu la njinga yeniyeni ndi foni, n'kuika batani pakona pomwe mwanayo ankadina. Mwa anthu akunja amene anasewera gemuyo, ambiri anatchula belulo. Tikanakhala tikumufotokozera mwanayo kasewereredwe kake, sakanafunsa funso limenelo. Kumbukirani kuti osewera pa mpikisano inu simudzakhala nawo pafupi. Chimene mwana sanachimvetse popanda thandizo, mlendo wa ku Brazil sadzachimvetsanso. Woyesa akakuuzani kuti pena sipakukoma musakwiye. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Belu lija likundifikitsa pa nkhani ya mawu ndi nyimbo. Gemu yopanda phokoso imakhala ngati ndiwo zopanda mchere, komabe simufunika situdiyo. Foni yanu ikhoza kujambula musi ukugunda mumtondo, tambala, mvula pa malata, kapena kuwomba m'manja kwa anthu atatu. Audacity, pulogalamu yaulere, imadula ndi kuyeretsa mawu oterowo. Palinso kapulogalamu kotchedwa sfxr, kamene Tomas Pettersson anakapanga mu 2007 pofuna kuthandiza olowa Ludum Dare, kotulutsa timaphokoso ta kudumpha ndi kugunda pongodina batani. Chimene simuyenera kuchita ndi kutenga nyimbo ya woimba wina, wakuno kapena wakunja, n'kuiika m'gemu popanda chilolezo. Nyimbo ili ndi mwini wake, ndipo m'dziko muno bungwe la COSOMA lilipo kuti liteteze zimenezo. Ife alembi timadandaula anthu akamakopa mabuku athu; tisachitire oimba zomwe ife timadana nazo. Mukagwiritsa ntchito chithunzi kapena mawu aulere a pa intaneti, lembani dzina la mwini wake kumapeto kwa gemu.

Chinenero nacho chiganizireni. Ine ndimakonda kuti mawu a m'gemu akhale a Chichewa: Yambani, Mwapambana, Yesaninso. Mwana wa kuno akaona mawu amenewa pa sikirini nkhope yake imasintha, chifukwa anazolowera kuti foni imalankhula Chingerezi. Koma poti osewera ambiri pa mpikisano ndi akunja, ikani chiganizo chimodzi kapena ziwiri za Chingerezi zofotokoza mabatani. Mawu akhale ochepa. Chichewa chathu chili ndi mawu aatali amene amasefukira m'mabatani ang'onoang'ono. Ngati mumalemba Malaŵi ndi ŵ wa kadenga, yesani msanga ngati zilembo zimene mwasankha zili naye, chifukwa zambiri zimangoonetsa kabokosi pamalo pake.

Tsopano funso limene limabwera nthawi zonse. Bambo anga aang'ono, ataona kuti takhala m'nyumba masiku awiri maso ali pa kompyuta, anandiitanira pakhonde.

“Mwana wanga, kodi zimenezi si juga ija yatha ndalama za anyamata m'mafonimu?”

“Iyayi bambo. Pajuga munthu amaika ndalama n'kumadikira mwayi. Ife sitiika kalikonse, tikupanga chinthu chathu.”

“Nanga chimadyetsa?”

Funso lawo linali loyenera, ndipo yankho loona ndi lakuti mpikisano pawokha sudyetsa. Yambiri ilibe mphotho ya ndalama, ndipo Global Game Jam sisankha n'komwe wopambana wa dziko lonse. Amene akulowa kuti alemere Lolemba ndi bwino apite kukagula soya wogulitsa. Chimene munthu amatuluka nacho ndi luso, ndiponso umboni wa lusolo. Wolemba ntchito kapena sukulu ikafunsa zimene mumatha, mumakhala ndi chinthu choti atsegule n'kuona okha. Mumaphunzira kugawana ntchito, kusunga nthawi, kumva chidzudzulo, ndi kusiya ganizo lokoma chifukwa nthawi yachepa. Luso limeneli limagwira ntchito ngakhale kwa amene sadzapanganso gemu moyo wake wonse. Ndinawauzanso bambo aang'onowo kuti kusiyana kwa juga ndi ntchito yathu n'kofunika kuti makolo akudziwe, chifukwa mwana amene akuphunzira kupanga gemu akhoza kulandidwa foni pomuganizira zolakwika.

Pali chinanso chimene chimandikhudza ine monga wokonda zolemba za m'Chichewa. Ana athu akuthera maola ambiri pa mafoni, ndipo pafupifupi zonse zimene akusewera zinapangidwa kutali, ndi anthu amene sanamvepo za Bua kapena za Kamwendo. Sindikunena kuti magemu akunja ndi oipa. Koma nthano zinkakoma chifukwa Kalulu ankayenda m'tchire lomwe ife timalidziwa. Ngati sitiyamba kupanga tokha, ngakhale timagemu tosaoneka bwino ta masiku awiri, ana athu adzakula akuganiza kuti za kwawo sizilowa mu foni. Mpikisano waufupi ndi khomo lotsika mtengo lolowera m'ntchito imeneyi, chifukwa ukalephera wataya masiku awiri okha, ndipo ngakhale pamenepo waphunzirapo kanthu.

Mukatumiza gemu yanu ntchito sinathe. M'mipikisano yambiri ya pa intaneti olowa mpikisano ndi amene amaseweretsana magemu ndi kupatsana mamalikisi, ndipo amene amayendera anzake nayenso amayenderedwa. Sungani bandulo yoti musewere magemu khumi kapena makumi awiri a anthu ena. Pa iliyonse lembani chimodzi chimene chakukomerani ndi chimodzi chimene chingakonzedwe, mwaulemu ngati mmene mungalankhulire ndi mlendo pakhomo panu. Gemu yanu ikakhala pa nambala ya kumunsi musaifufute. Dzedzeredzedzere salingana n'kugweratu. Patapita sabata khalani pansi ndi anzanu, mulembe zinthu zitatu zimene zinayenda bwino ndi zitatu zoti mudzachite mosiyana. Kenako itengereni gemuyo kumsika, muipereke kwa wokonza njinga, kwa mayi wogulitsa tomato, kwa ana a sukulu akuweruka, muone amene akana kukubwezerani foni.

Mpikisano wotsatira ukalengezedwa musadikire kuti mudziwe zonse kaye, chifukwa tsiku limenelo silifika. Lembetsani dzina, pezani anzanu awiri, tchajani mabatire, ndipo muuze a kunyumba kuti Loweruka limenelo kudimba simupezekako.